Walila mvula walila matope: makolo asimba za sukulu za mishoni

ZOTULUKA za mayeso zikangolengezedwa, nkhani za pabwalo la chalichi pambuyo pa Misa zimasintha. Za feteleza ndi mvula zimayamba zaima, aliyense amafunsa mnzake funso limodzi: kodi mwana wasankhidwila kuti? Kholo limene mwana wake wapeza malo pa sukulu ya mishoni limalandila moni wa manja awili, ngati kuti mwanayo watsiliza kale maphunzilo.

Ife amene timaphunzitsa katekisimu timawadziwa anawa kuyambila pa Ukalistia woyamba, ndipo timawaonanso akabwela ku holide. Ena amabwela atakhwima nzelu, ena amabwela ataonda ndi osafuna kukamba. N'cifukwa cake tinakhala pansi ndi makolo angapo a m'miphakati yathu kuti atiuze zimene anaona. Maina ao ndi a masukulu a ana ao sitiwachula, pakuti colinga cathu si kucititsa munthu manyazi.

Kodi ndi sukulu zotani?

Sukulu zimene tikamba pano ndi zija zoyendetsedwa ndi mipingo koma zothandizidwa ndi Boma. Mpingo ndiye mwini sukulu ndipo umayang'anila mwambo ndi kayendetsedwe kake, pamene Boma limalipila aphunzitsi. Ife Akatolika tili ndi Canisius ku Chikuni, imene ansembe a Jesuit anatsegula mu 1949, Chassa ya abulazala a Marist ndi St Monica's kum'mawa, Matero Boys ndi Roma Girls mu Lusaka, ndi zina zambili. Anzathu a UCZ ali ndi Chipembi, a Anglican ali ndi St Mark's ku Mapanza, a Salvation Army ali ndi Chikankata, a Seventh-day Adventist ali ndi Rusangu.

Mbili ya sukuluzi si yongopeka. Bungwe loona za mayeso la Examinations Council of Zambia likatulutsa zotuluka za Giledi 12, kawilikawili sukulu zothandizidwa ndi Boma zimakhala pamwamba kuposa za Boma lenileni. Pa mayeso amenewa wani ndi thu ndiwo magiledi apamwamba, naini ndi kulephela. Akawelengela maphunzilo asanu ndi limodzi amene mwana wacita bwino koposa, mapointi 6 ndiye nsonga. Kholo lililonse lofuna kuti mwana akaphunzile udokotala kapena uinjiniya limadziwa kuti mapointi akaculuka, citseko cimayamba kutsekeka.

Mbuzi zitatu ndi katundu wa kusukulu

Amai ena amasiye, alimi a nshawa ndi cimanga, anatiuza kuti tsiku limene kalata inafika anavina, koma atawelenga pepala laciwili la zofunika anakhala cete. Panali yunifomu, nsapato zakuda, matilesi, bulangeti, ndowa, khasu, sikwakwa, mapepala ndi ndalama zogonela. Anagulitsa mbuzi zitatu ndi nshawa zimene anasunga kuti zikhale mbeu. Kuyambila mu January 2022 Boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linacotsa malipilo a sukulu m'masukulu a Boma, ndipo thumba la CDF limathandizako ana osauka ogonela kusukulu. Koma sopo, thilansipoti ndi nsapato zimatulukabe m'thumba la kholo, ndipo thandizo la CDF silifika kwa aliyense amene wapempha.

Mwana wao anali nambala wani ku pulaimale zaka zonse. Temu yoyamba ku mishoni anapezeka kumapeto kwenikweni kwa kalasi. Anabwela ku holide atanena kuti sabwelelakonso, cifukwa anzake ocokela m'tauni anali kumuseka Cizungu cake. Amaiwo anati usiku umenewo sanagone, anali kuwelenga mbuzi zao zimene zinapita.

Cimene cinamupulumutsa mnyamatayo ndi mphunzitsi mmodzi wa masamu. Anali kusonkhanitsa ana otsalila Loweluka lililonse m'mawa, osalipilitsa ngakhale ngwee imodzi, ndipo anam'patsa mnyamatayo mabuku a nthano kuti azolowele Cizungu. Pofika Giledi 10 anali pakati, pa Giledi 12 anacita bwino, ndipo lelo ali ku koleji ya zaumoyo.

Titawafunsa cimene anakonda pa sukuluyo, amaiwa sanachule nyumba zokongola. Anati aphunzitsi anali kupezeka m'kalasi nthawi yake, mabuku a ana anali kucongedwa, pulepu ya madzulo inali ndi woyang'anila, ndipo mwana akajomba ahedi anali kudziwa tsiku lomwelo. Makolo ena onse anabweleza mau amodzimodziwa. Cinsinsi ca sukuluzi si mankhwala, ndi dongosolo.

Kalata ya kumapeto kwa Giledi 11

Atate ena ogwila nchito m'Boma ali ndi nkhani yosiyana. Mwana wao wamkazi sanali waphokoso, sanaphwanyepo lamulo, ndipo anali kuimba m'kwaya ya pasukulu. Koma masamu ndi sayansi zinali kumuvuta. Kumapeto kwa Giledi 11 atatewo anaitanidwa ku ofesi ndi kuuzidwa mwaulemu kuti mwina mwanayo angacite bwino pa sukulu ina. Palibe amene ananena kuti wacotsedwa. Anangopatsidwa kalata ya thilansifa imene sanapemphe.

Atatewo anatiuza kuti cinawawawa si kulephela kwa mwana, pakuti malipoti anali kuwaona. Cinawawawa ndi cakuti zaka zonsezo palibe amene anawaitana kuti akambilane mothandizila mwanayo, koma anaitanidwa pamene maina a olemba mayeso anali pafupi kutumizidwa. Caka cotsatila anamva kuti sukuluyo yalengeza kuti ana onse akhoza. Iwo anadzifunsa kuti: onse ati?

Funso limeneli ndi lathu tonse. Sukulu ikasankha ana okhoza okhaokha polowa, ndi kusefanso ofooka mayeso ali pafupi, 100 pelesenti yake itiuza ciani? Mlimi amene wataya zitsononkho zazing'ono zonse asanayese cimanga cake sanganene kuti munda wonse unabeleka bwino.

Sitikunena kuti sukulu zonse za mishoni zimacita zimenezi. Tikudziwa zina zimene zimamunyamula mwana wofooka mpaka tsiku lotsiliza. Koma pamene mcitidwewu ulipo, tiyenela kuuchula dzina lake.

Miyendo m'madzi ozizila

Amai ena, anamwino, anatiuza za mwana wao amene anali kukhoza bwino ndithu. Vuto linali lakuti sanali kugona. Magetsi akazimitsidwa, iye ndi anzake anali kuwelenga ndi toci, miyendo ili m'beseni ya madzi ozizila kuti tulo tisawagwile. Zotuluka za mayeso a mwezi zinali kuwelengedwa pa asembule, kuyambila woyamba mpaka wotsiliza, ndipo mtsikanayu anali kuopa kutsika ngakhale malo amodzi. Anayamba kudwala mutu ndi m'mimba, cakudya osacifuna.

Amaiwa anavomela kuti nawonso anali ndi mbali yao. Pa tsiku locezela ana, funso lao loyamba linali la nambala imene wapeza, asanafunse n'komwe ngati akudya. Atazindikila, anakamba ndi asisitele oyang'anila kogona, ndipo anagwilizana kuti mwanayo azigona nthawi yake. Cimene cinawadabwitsa n'cakuti mamalikisi sanatsike.

Cikoti cinaletsedwa m'masukulu a dziko lino kuyambila mu 2003, ndipo lamulo la maphunzilo la 2011 linabwelezanso ciletsoco. Koma mau onyoza pamaso pa anzake amapweteka mwana kuposa cikoti, ndipo cipsela cake sicioneka.

Nkhani imene timaizemba

Mu 1997 Boma linakhazikitsa lamulo lakuti mtsikana amene watenga pathupi abwelele kusukulu akabeleka. Sukulu zambili za mishoni sizinalandile lamuloli, ndipo zinasankha kupezela mtsikanayo malo pa sukulu ina, ponena kuti kubwelela kwake kungapeleke citsanzo coipa. Agogo ena amene mdzukulu wao zinamucitikila anatifunsa funso limene tinasowa poyankha. Anati ife a mpingo timaphunzitsa kuti kucotsa mimba ndi chimo lalikulu, nanga bwanji mtsikana amene wasunga mwana wake ndiye amataya malo, pamene wocotsa mwakabisila amatsiliza sukulu popanda womufunsa? Nanga mnyamata kapena bambo amene anam'patsa mimbayo, iye amalandila kalata yotani?

Sitikupeputsa mwambo. Koma funso la agogowa lifunika kufika kwa oyendetsa sukulu zathu.

Ku America nakonso

Mkangano umenewu si wathu tokha. Ku America kuli sukulu zochedwa charter, zimene zimalandila ndalama za Boma koma zimayendetsedwa ndi mabungwe oima paokha. Lamulo loyamba lozilola linapangidwa m'cigawo ca Minnesota mu 1991, ndipo yoyamba inatsegulidwa mu 1992 mumzinda wa St Paul. Kusiyana kwake ndi zathu n'kwakuti si za mipingo, sizilipilitsa, ndipo ofuna malo akaculuka amacita maele m'malo mosankha ndi mamalikisi.

Gulu lina la sukuluzi lochedwa BASIS, limene Michael ndi Olga Block anayambitsa ku Tucson m'cigawo ca Arizona mu 1998, linachuka cifukwa ca maphunzilo olimba, ndipo sukulu zake zakhalapo pamwamba pa mndandanda wa masekondale a dzikolo. Makolo ena amaziyamikila kuti ana ao anafika ku yunivesite atakonzeka. Otsutsa amati ana otsiliza amakhala ocepa kwambili poyelekeza ndi amene anayamba. Conco ngakhale kumene amalowa ndi maele, funso limakhala lomwelo: kodi amene analephela kupilila anapita kuti?

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Ife tinaphunzila ku seminale yaing'ono. Tikumbukila belu la m'mawa, Cilatini, kulima m'dimba ndi kukhala cete pa pulepu, ndipo mwambo umenewo watithandiza moyo wathu wonse. Tikumbukilanso anzathu amene kumapeto kwa caka anali kuuzidwa kuti amange katundu yense. Ena a iwo anakhala aphunzitsi abwino, alimi ndi atsogoleli a mpingo. Ena sanacile mumtima mpaka lelo, ndipo pakhomo la chalichi sapondapo.

Msonkhano waciwili wa ku Vatican unatulutsa cikalata ca maphunzilo a Cikhristu pa 28 October 1965, cochedwa Gravissimum Educationis. Cikalataco cimaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana ao, ndiponso kuti sukulu za Mpingo ziyenela kusamalila makamaka osauka. Marcellin Champagnat Woyela anayambitsa abulazala a Marist ku France mu 1817 cifukwa ca ana a kumidzi amene analibe wowaphunzitsa. John Bosco Woyela anatola anyamata a m'miseu ya ku Turin, ndipo anawalela ndi nzelu, cipembedzo ndi cikondi m'malo mwa mantha. Palibe mwa awiliwa amene anayamba ndi ana osankhika. Ndipo m'fanizo la nkhosa yotayika pa Luka mutu 15, mbusa sanadzitame ndi 99 zimene zinatsala.

Musanalongedze katundu

Kuyambila mu 2025 sekondale imayamba ndi Fomu 1 m'malo mwa Giledi 8, ndipo m'dongosolo latsopanoli pulaimale idzathela pa Giledi 6. Izi zitanthauza kuti ana adzayamba kucoka pakhomo ali aang'ono kuposa kale. Makolo amene tinakamba nao anapeleka malangizo awa kwa anzao.

Coyamba, musafunse cabe kuti ndi angati anakhoza. Funsani kuti ndi angati anayamba m'kalasi imeneyo ndipo ndi angati analemba mayeso otsiliza. Caciwili, funsani cimene sukulu imacita mwana akayamba kutsalila, ndipo ngati pali lamulo la kubweleza kalasi kapena kusamutsidwa, mulione lolembedwa. Cacitatu, welengelani ndalama za zaka zonse, osati za temu yoyamba yokha, kuti ang'ono ake asasiye sukulu cifukwa ca mkulu wao. Cacinai, mudziwe mwana wanu. Pali mwana amene mpikisano umamunola, palinso amene umamuthyola, ndipo onse awili ndi anu. Cacisanu, pitani ku misonkhano ya PTA ndipo mukalankhule. Makolo ambili amakhala cete poopa kuti mwana wao angadedwe, ndipo amadandaulila m'basi pobwelela.

Titafunsa makolowa ngati angatumizenso mwana ku mishoni, ambili anavomela mosazengeleza. Amai a mbuzi zitatu aja anati angagulitsenso zina. Anamwino aja anati angatumize, koma funso lao loyamba lingakhale la tulo ndi cakudya. Atate a kalata ya thilansifa anakhala kaye cete, kenaka anati mwana wao wamng'ono ali pa sukulu ya Boma yoyendela pafupi ndi nyumba, ndipo madzulo alionse amakhala naye pa thebulo kuona mabuku ake.

Walila mvula walila matope, ndipo kholo lofuna maphunzilo olimba lisadabwe mwana akatopa. Koma kwa ansembe, asisitele, abulazala ndi ahedi amene muyendetsa sukulu zathu, pempho lathu ndi ili: caka cino polengeza zotuluka, mutiuzenso ciwelengelo ca ana amene munalandila paciyambi, ndi kumene ali amene sanafike kumapeto. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale uja wa kumapeto kwa kalasi.