Simenti si mankhwala a khoma lililonse: kakonzedwe ka nyumba zakale

Pafupifupi wadi iliyonse m'boma lathu lino ili ndi nyumba yakale imene anthu amainyadira, kaya ndi tchalitchi, mzikiti, sukulu ya mishoni kapena bwalo la milandu. Zambiri mwa nyumbazi zayamba kung'aluka, makamaka chifukwa cha mvula yamphamvu ya zaka zaposachedwapa. Makomiti a chitukuko akaona zimenezi amasonkha ndalama, kugula simenti ndi kumata khoma lonse. Cholinga chimakhala chabwino, koma kakonzedwe kotere nthawi zambiri ndiko kamafulumizitsa kuwonongeka kwa nyumbayo.

Njerwa zomangidwa bwino zimakhalitsa. Nyumba ya Mandala mu mzinda wa Blantyre inamangidwa mu 1882 ndipo ilipobe. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene amisiri a kuno kwathu anamanga pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, anthu akupempheramo mpaka lero. Pa nthawi imeneyo simenti inali yosowa ndi yodula, choncho nyumba zambiri ankazimanga ndi matope a dothi kapena a laimu wosakaniza ndi mchenga.

Matope oterewa ndi ofewa kuposa njerwa, ndipo ubwino wake wagona pomwepo. Khoma likanyowa, chinyezi chimatulukira m'mipata ya pakati pa njerwa ndipo khomalo limauma. Nthaka ikasuntha pang'ono, amene amayamba kugonja ndi matopewo, njerwa n'kutsala zamphumphu. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakale ndipo salola chinyezi kutuluka msanga. Madzi ochokera m'nthaka kapena padenga amatsekeredwa m'kati, mchere wa m'madziwo umaunjikana m'njerwa, ndipo njerwazo zimayamba kufumbutuka. Kunja pulasitala amaoneka wosalala pamene kuseri kwake khoma likutha: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti wamafuta naye amatsekera chinyezi chimodzimodzi.

Ntchito yokonza iyambe ndi kufufuza kumene madzi akuchokera. Malata obooka asinthidwe, ngalande zozungulira nyumba zitsegulidwe, ndipo dothi limene launjikana m'mbali mwa khoma lichotsedwe kuti madzi asamadikhe pamaziko. Timitengo ta kachere tomera m'ming'alu tichotsedwe tidakali tating'ono, chifukwa mizu yake imakankha njerwa. Chiswe nacho chithamangitsidwe. Kumata khoma madzi akulowabe n'kutaya ndalama za anthu.

Zikatha izi, mmisiri akolokose matope ofumbutuka okhaokha ndi chida chamanja, kulowa m'kati pafupifupi kawiri kukula kwa mpatawo. Makina odulira asagwiritsidwe ntchito chifukwa amaphwanya m'mphepete mwa njerwa. Mipatayo itsukidwe ndi kunyowetsedwa, kenako idzazidwe ndi matope a laimu. Muyezo wodziwika ndi gawo limodzi la laimu womangira ndi magawo atatu a mchenga wa kumtsinje wopanda dothi. Laimu wothira m'munda ndi wosiyana ndipo sagwira khoma. Njerwa yowonongeka ichotsedwe payokha ndi kuikapo ina yofanana nayo kukula ndi kapsedwe. Pakhoma lamiyala, mwala uliwonse wochotsedwa ulembedwe nambala kuti ubwerere pamalo pake.

Laimu amauma pang'onopang'ono, choncho khoma lokonzedwa liphimbidwe ndi ziguduli zonyowa kwa masiku angapo kuti dzuwa lisaliumitse mwadzidzidzi. Nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi mvula ikangotha, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Laimu amawotcha khungu ndi maso, motero ogwira ntchito avale zodzitetezera. Pomaliza, khoma lipakidwe njereza m'malo mwa penti.

Sikuti mng'alu uliwonse ndi wongomata. Lembani chizindikiro ndi tsiku pamene mng'alu wathera, ndipo muzikaonapo mwezi ndi mwezi. Ngati ukukula, kapena khoma layamba kupendekeka, vuto lili kumaziko kapena kudenga. Anthu asamalowemo mpaka akatswiri a zomangamanga a kukhonsolo ataiona nyumbayo.

Dziwaninso kuti nyumba zina zakale ndi zotetezedwa ndi lamulo la dziko lino loteteza zipilala ndi zinthu zakale, ndipo sizisinthidwa kapena kugwetsedwa popanda chilolezo cha boma. Musanagule thumba ngakhale limodzi la simenti, kambiranani nkhaniyi ku VDC ndi ku ADC, jambulani zithunzi za nyumbayo, ndipo mudziwitse khansala wa wadi yanu kuti akulumikizeni ndi ofesi yoyenera.