Ndani Asankhire Anthu Choonera?

M'chaka cha 2003, pulogalamu ya Big Brother Africa inagaŵa anthu paŵiri. Achinyamata 12 ochokera m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo Zein Dudha wa ku Malaŵi, anatsekeredwa m'nyumba imodzi ku Johannesburg, makamera akuŵajambula usana ndi usiku. M'mwezi wa Ogasiti, Nyumba ya Malamulo inaletsa TVM kuionetsa, ponena kuti ikuononga makhalidwe, koma Khoti Lalikulu linachotsa chiletsocho.

Kwa Changata ku Thyolo, wothyola tiyi akaŵeruka amaonera wailesi yakanema imodzi ndi banja lonse, mwinanso ndi anansi. Chimene mnyamata akuseka, apongozi chimaŵachititsa manyazi. Khoti linaweruza za boma. Za pakhomo zinatsalira makolo. Paja m'mera mpoyamba.