Mbuzi ya ku Dar es Salaam

Ana ambiri a m'Zambia ali ndi abale kunja kwa dziko. Ena ali ku Malawi, ena ku Mozambique, ena ku Zimbabwe. Banja lina la ku Lusaka lili ndi azakhali amene anakwatiwa ku Tanzania. Sukulu itatsekera, atate, amai ndi ana ao awiri, mtsikana ndi kamlongo kake, ananyamuka kukawacezera. Ananyamula nshawa ndi citenje catsopano kuti akapatse azakhali.

Poyamba anakwera basi mpaka ku Kapiri Mposhi. Kumeneko ndiko kumayambira njanji ya TAZARA. Njanjiyi ndi yaitali makilomita 1,860, ndipo imathera ku Dar es Salaam, mzinda wa m'mbali mwa nyanja. Anthu a ku Zambia, Tanzania ndi China anathandizana kuimanga kuyambira mu 1970 mpaka mu 1975. Zambia ili kutali ndi nyanja yaikulu, motero inafuna njira yotumizira mkuwa ku doko. Ulendo wa pasitima ndi wautali ndithu. Anthu amadya momwemo ndi kugona momwemo.

Sitima inadutsa ku Serenje, ku Mpika ndi ku Kasama, kenaka inafika ku Nakonde. Apa ndi pa malire. Tsidya lina la malirewo ndi Tunduma, tauni ya ku Tanzania. Munthu aliyense, ngakhale mwana, amaonetsa pasipoti yake kuti aidinde. Ndalama nazo zimasintha. Ku Tanzania sagula ndi Kwacha, amagula ndi shilingi.

Atawoloka malire, atate anakankha nthawi ya pa wochi yao patsogolo ndi ola limodzi.

"Atate, nanga ola lija lapita kuti?" anafunsa kamnyamata.

"Tidzalipeza pobwerera," anayankha atate akuseka. Tanzania ili cakum'mawa, kumene dzuwa limatuluka msanga. N'cifukwa cake nthawi yao ili patsogolo.

Koma mtsikana sanaseke. Iye anali ndi nkhawa ina. Azakhali amakhala ndi apongozi ao, agogo okalamba amene sadziwa Cinyanja kapena Cingerezi. Amalankhula Ciswahili cokha. Nanga mwana akalowa m'nyumba ya eni osapereka moni, akuluakulu adzati ciani? Adzati makolo ake sanamulere bwino.

Amai anawaphunzitsa liu limodzi. Ku Tanzania mwana popereka moni kwa wamkulu amati, "Shikamoo." Wamkulu amayankha kuti, "Marahaba." Mwana ndiye amayamba, osati wamkulu ai. Ana aja analibwereza liulo njira yonse mpaka tulo tinawagwira.

Atafika ku Dar es Salaam anapeza kukutentha kwambiri. Azakhali anawalandira pa siteshoni ndi misozi ya cimwemwe. Kunyumba, agogo anali atakhala pamkeka. Mtsikana anagwada nati, "Shikamoo, bibi." Bibi ndiye kuti agogo aakazi.

"Marahaba," anayankha agogo.

Kamnyamata kanagwadanso, koma liu lija linathawa m'mutu. Kanangoomba m'manja nkunena kuti, "Muli bwanji, agogo?" Agogo sanamve mau ake, koma anaona maondo ali pansi. Anakagwira pamutu nati, "Marahaba."

Ciswahili ndi Cinyanja ndi zilankhulo zapacibale. Mau ena ndi ofanana ndendende, monga nyumba, nyama ndi moto. Ena amasiyana pang'ono cabe. Madzi iwo amati maji, nkhuku amati kuku, ndipo mvula amati mvua. Kamnyamata kataona izi kanayamba kudzitama kuti Ciswahili n'capafupi.

M'mawa mwake agogo anafuna kuphika mpunga. Anaitana kamnyamata nati, "Leta mbuzi." Azakhali anamasulira kuti leta ndiye kuti bweretsa. Mbuzi yokhayo sinafunike kumasulira! Kamnyamata kanathamangira panja. Kanayang'ana kuseri kwa nyumba, kanasuzumira pansi pa mtengo wa mango, koma mbuzi osaiona. Kanabwera kali wefuwefu.

"Azakhali, mbuzi yathawa!"

Nyumba yonse inafa nazo nseko. Zoona, m'Ciswahili mbuzi ndi ciweto comweci ca nyanga ndi ndevu. Koma ali nayo mbuzi inanso ya m'khichini. Iyi ndi kampando kamtengo, kafupi, kokhala ndi kacitsulo ka mano kutsogolo kwake. Nchito yake ndi kupala kokonati, amene iwo amati nazi.

Mitengo ya kokonati imakonda malo otentha a m'mbali mwa nyanja, ndiye ku Dar es Salaam ndi yambiri. Wophika amaswa kokonati pakati. Amakhala pa mbuzi ija nkumakhula mkati mwa kokonati pa mano a citsulo. Tizidutswa toyera timagwera m'mbale. Akatero amathira madzi ofunda ndi kufinya. Pamatuluka madzi oyera ngati mkaka. Madzi amenewo ndiwo amaphikira mpunga, nyemba kapena nsomba. Mpunga wophika motere amaucha wali wa nazi. Umanunkhira bwino, ndipo umakoma ngakhale ndiwo zisanafike.

Nsima nayo iliko. Dzina lake ndi ugali, ndipo amaphikira ufa wa cimanga monga m'Zambia. Amasamba m'manja asanadye, ndipo amadyera dzanja lamanja. Zimene zinadabwitsa amai ndi vitumbuwa. Ku Lusaka vitumbuwa ndi va ufa wa tirigu. Ku Dar es Salaam dzina ndi lomwelo, vitumbua, koma amapangira mpunga wopera ndi kokonati. Amai anadya viwiri, napempha kuti awaonetse kapangidwe kake.

Tsiku lina azakhali anawatengera ku nyanja ya Indian Ocean. Ana aja anali asanaonepo madzi opanda tsidya. Kamnyamata kanatunga pang'ono m'manja nkulawa. Kanalavula msangamsanga, cifukwa madzi a m'nyanjayi ndi amcere. Pofuna kupha ludzu anagula madafu. Awa ndi makokonati aawisi. Wogulitsa amadula pamwamba ndi mpeni, munthu nkumwa madzi ake ozizira bwino.

Tsiku lobwerera, agogo anapatsa amai nsalu yochedwa kanga. Imafanana ndi citenje, koma m'munsi mwake mumalembedwa mau a Ciswahili. Mtsikana anapatsidwa thumba la makokonati asanu. Kenaka agogo analowa m'khichini, naturuka ndi mphatso ya kamnyamata. Kanailandira ndi manja awiri nkunena kuti, "Asante, bibi." Asante ndiye zikomo.

M'sitima, bambo wina anafunsa kuti, "Iwe mwana, wanyamula ciani m'khwapamo?"

"Ndi mbuzi, bambo," kanayankha kamnyamata. "Koma siluma ndipo sidya udzu."

Atafika pa Nakonde, kanakumbutsa atate kuti abweze ola lija.