MAGETSI OBISIKA M'MATOPE A MPUNGA

Ife a kwa Chikwa, m'chigwa cha Luangwa, matope timawadziwa bwino, pakuti ndimo timaokeramo mpunga umene udatchukitsa boma la Chama. Koma dzuwa likalowa, ana athu ambiri amatseka mabuku posowa nyale. Kodi tidaganizapo kuti m'matope omwewo mungatuluke kuwala?

M'matope mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya. Pogaya zinyalala zoola, mabakiteriyawa amatulutsa maelekitironi, timphamvu tomwe tija timathamanga m'waya wa magetsi. Popeza pansi pa dambo palibe mpweya woti uwalandire, ena amawatulira pa dzimbiri la m'nthaka. Munthu akakwirira kaboni, yemwe ndi mbale wake wa makala, m'matopemo, wina n'kumuika pamwamba pa madzi, awiriwo n'kuwalumikiza ndi waya, magetsi amayamba kuyenda.

Nzeruyi si ya lero. M.C. Potter wa ku Durham, ku England, adaona zimenezi mu 1911. Mu 1987 Derek Lovley adapeza mabakiteriya a Geobacter m'matope a mtsinje wa Potomac ku America, ndipo mu 2005 gulu lake lidalengeza kuti ali ndi timaulusi togwira ntchito ngati waya.

Vuto lagona pa chiwoloko. Monga katundu amaunjikana tsidya lija Luangwa akadzaza, maelekitironi ambiri amalephera kuoloka kuchoka m'thupi la bakiteriya kufika pa kaboni. Nchifukwa chake akatswiri akusiya ndodo zosalala n'kumaika nsalu za kaboni za timabowo tambirimbiri, kuti mabakiteriya ochuluka akakamirepo, madoko achuluke.

Zipatso zidayamba kale kuoneka. Ku Japan adayesa njirayi m'munda wa mpunga, ndipo mu 2017 akatswiri a ku Bristol adaunikira zimbudzi za sukulu ya atsikana ku Kisoro, m'dziko la Uganda, ndi mabakiteriya odya mkodzo.

Komabe tisathamange mtima. Chitini chimodzi cha matope sichifika volti imodzi, pamene batire la tochi lili ndi 1.5. Chigayo sichingagaye ndi mphamvu yotere, ndipo sola ikadali patsogolo. Koma mphunzitsi amene ali ndi chitini, makala, waya ndi kachipangizo koyezera magetsi angathe kuonetsa ana zimenezi. Matope tili nawo kale pakhomo. Chatsala ndi kudzutsa chidwi mwa ana athu.