Chifukwa chimene Chingerezi chimavutira ophunzira ku Ntcheu ngakhalenso ku Japan

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, m'boma la Ntcheu monganso m'maboma ena mumapezeka ophunzira amene akhoza bwino masamu ndi sayansi koma alephera kupata satifiketi chifukwa chogwa Chingerezi. Malamulo a bungwe loyendetsa mayeso la MANEB amati wophunzira ayenera kukhoza maphunziro osachepera 6, ndipo limodzi mwa maphunzirowo likhale Chingerezi.

Chiyankhulochi n'chofunikanso kunja kwa sukulu. Makalata a boma ndi zigamulo za makhoti zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo malamulo aakulu a dziko lino amati munthu wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuchiyankhula ndi kuchiwerenga.

Ndondomeko ya chiyankhulo chophunzitsira yakhala ikusinthasintha. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chingerezi n'kupitiriza kukhala choyendetsera ntchito za boma. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 undunawu udalengeza kuti izi ziziyambira Sitandade 1.

Koma kusintha lamulo sikusintha chiyankhulo chimene mwana amamva pakhomo. Ku Ntcheu, kwawo kwa Angoni a Maseko, Chingoni chidatsalira makamaka m'nyimbo ndi m'miyambo, ndipo anthu amayankhula Chichewa. Mwana wa ku Tsangano kapena ku Lizulu, kufupi ndi malire a Mozambique, kawirikawiri amamva Chingerezi ali m'kalasi mokha. Akamalemba chimangirizo amayamba waganiza m'Chichewa, kenako n'kumamasulira liwu ndi liwu, ndipo zolakwika zambiri zimachokera pamenepo.

Mwachitsanzo, Chichewa chili ndi liwu limodzi lakuti "iye" loimira mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho ophunzira amasokoneza "he" ndi "she". Mneni wakuti "kubwereka" amagwira ntchito kwa wopereka ndi wolandira yemwe, pamene Chingerezi chimasiyanitsa "lend" ndi "borrow". Timawu takuti "a" ndi "the" m'Chichewa mulibe, n'chifukwa chake timasiyidwa kapena kuikidwa posayenera.

Mavuto ena mwa awa amafanana ndi amene ophunzira a ku Japan amakumana nawo. Chijapani nachonso chilibe timawu ta "a" ndi "the", komanso sichisiyanitsa "l" ndi "r", kotero kuti "pray" ndi "play" amamveka ngati liwu limodzi. Ziyankhulo zonse ziwirizi zimakonda maphatikizo othera ndi lembo la liwu: pamene Mchewa amati "sukulu", Mjapani amati "sukuru". Kayankhidwe ka funso lokana nakonso n'kofanana. Munthu akafunsidwa kuti "Simunadye?" n'kuyankha kuti "Inde", amatanthauza kuti sanadye, pamene Mngerezi pamenepo amayankha kuti "No". Womasulira m'khoti akalakwitsa pamenepa, umboni wa munthu ukhoza kutembenuka.

Pali chinthu chimodzi chimene mwana wa ku Ntcheu amapepukidwa nacho. M'Chichewa mawu amasanjidwa ngati m'Chingerezi: mwininkhani, mneni, kenako pamtherankhani. M'Chijapani mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo, choncho wophunzira amayenera kusanjanso mawu onse.

Kwa zaka zambiri sukulu za ku Japan zidadalira njira yotchedwa yakudoku, imene wophunzira amawerenga chiganizo cha Chingerezi n'kuchimasulira m'Chijapani motsatira malamulo a chiyankhulo. Njirayi idathandiza pa mayeso olowera m'mayunivesite, koma idadandaulitsa anthu chifukwa ambiri ankatuluka sukulu osatha kuyankhula. Mu 1987 boma la dzikolo lidayambitsa pologalamu ya JET yobweretsa anthu a m'mayiko oyankhula Chingerezi kuti azithandiza aphunzitsi m'kalasi, ndipo mu 2020 Chingerezi chidakhala phunziro lathunthu m'makalasi awiri omaliza a pulaimale.

Ubale wa mayiko awiriwa pa maphunziro ndi wakale. Achinyamata ogwira ntchito mongodzipereka ochokera ku Japan adayamba kubwera m'dziko muno mu 1971, ndipo ambiri aphunzitsa masamu ndi sayansi m'sukulu za sekondale kudzera m'Chingerezi, chomwe n'chiyankhulo chachilendo kwa iwo ndi kwa ophunzira awo omwe.

Zimene zidachitika ku Japan zikusonyeza kuti kumasulira pakokha sikukwanira, koma kuletseratu chiyankhulo cha makolo m'kalasi nakonso kumamana mphunzitsi chida chofotokozera. Mphunzitsi akalemba pa bolodi chiganizo cha Chichewa moyandikana ndi cha Chingerezi, ophunzira amaona okha pamene ziyankhulozi zasiyana. Akatha kuona kusiyanako amafunika nthawi yoyankhula, kuwerenga mabuku ndi kulemba okha. Pologalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga imene idayamba mu 2016 m'makalasi oyambirira a pulaimale idatsata mfundo yophunzitsa Chichewa ndi Chingerezi mbali ndi mbali.

Kwa alangizi a maphunziro a pulaimale, aphunzitsi aakulu ndi ofesi ya zamaphunziro pa boma, izi zikutanthauza kuti poyendera sukulu n'koyenera kuona ngati ana akupatsidwa mpata woyankhula, ngati m'kalasi muli buku lomasulira mawu a Chichewa ndi Chingerezi, komanso ngati zimangirizo zikuchongedwa ndi kubwezedwa kwa eni ake nthawi ya mayeso isanafike.