Utsi wa M'mawa: Zimene Injini Yakale Ikukuuzani

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene m'mawa kumazizira ndipo ntchito yotuta ndi kugaya chimanga yafika pachimake, alimi ambiri amadandaula kuti thirakitala, galimoto kapena injini ya chigayo ikufuka utsi ikangolizidwa. Ena amathamangira kukagula oyilo wolimba kwambiri, ena amaitana makanika kuti aphwasule injini yonse. Njira ziwiri zonsezi zikhoza kudya pachabe ndalama za mbewu ndi feteleza. Musanatulutse ngwee, yang'anani zinthu ziwiri: mtundu wa utsiwo, ndi nthawi imene ukutenga kuti uthe.

Utsi woyera wonunkha dizilo, umene umatha injini ikatentha, kawirikawiri si matenda. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto monga ya petulo. Mafuta amayaka chifukwa cha kutentha kwa mpweya umene pisitoni yaupanikiza. Zitsulo zikazizira usiku, zimayamwa kutenthako, ndipo dizilo wina amatuluka osapsa. Utsiwu ukachuluka ndipo injini ikumavuta kulira, yesani hita yotenthetsa injini polizira, batire ndi mainjekita. Koma utsi woyera wochindikala umene sukutha, pamene madzi a m'radiyeta akuchepa tsiku ndi tsiku, umasonyeza kuti gasiketi ya pamutu pa injini yapsa. Pamenepo imitsani ntchito, chifukwa madzi akalowa m'oyilo amawononga mabeyaring'i.

Utsi wakuda ndi dizilo wochuluka pa mpweya wochepa. Yambani ndi sefa ya mpweya, imene fumbi la nyengo yokolola limaitseka msanga.

Utsi wobiriwira ngati thambo ndi oyilo amene akupsa pamodzi ndi mafuta, ndipo apa ndi pamene nthawi imatiuza zambiri. Ukatuluka kamphindi chabe kenaka n'kutha, vuto limakhala kumutu kwa injini. Timalabala timene timatchinga oyilo pa mavavu timauma ndi ukalamba, ndipo timipaipi timene mavavuwo amayendamo timakula. Injini ikagona, oyilo amadontha pang'onopang'ono kulowa m'silinda, ndipo m'mawa amapsa nthawi imodzi. Injini yotere ikhoza kumaliza nyengo yonse ya ntchito, malinga ngati mukuyang'ana oyilo tsiku lililonse. Koma utsiwo ukapitirira injini itatentha, makamaka pokoka katundu, ndipo paipi yopumira injini ikutulutsa nthunzi yambiri, maring'i a pisitoni kapena masilinda atha. Imeneyo ndi ntchito yaikulu yofunika kuisungira ndalama. Musanagamule choncho, onani ngati oyilo sanapitirire mzera wapamwamba wa dipisitiki. Pa mathirakitala akale, monga Massey Ferguson 135 ya injini ya Perkins ya masilinda atatu, onaninso kambale ka oyilo ka pansi pa sefa ya mpweya: kakadzaza kupitirira mzera wake, injini imayamwa oyiloyo n'kumafuka ngati yatha.

Nanga oyilo tisankhe uti? Pa chigubu pamalembedwa manambala monga 15W-40 kapena 20W-50. Nambala yoyamba, ya chilembo W, imanena za mmene oyilo amayendera kukazizira: ikachepa, oyilo amafika msanga pa zitsulo. Yachiwiri imanena za kulimba kwake atatentha kufika madigiri 100. Oyilo wa nambala imodzi, monga SAE 40, amalimba kwambiri m'mawa wozizira, ndipo mabeyaring'i amazungulira kwa kanthawi asanalandire oyilo wokwanira. Nthawi imeneyo ndiyo imene zitsulo zimadyana kwambiri.

Eni magalimoto akale a liwiro, monga MGB ya ku Britain imene inkapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, amathira 20W-50 chifukwa injini za nthawi imeneyo zinapangidwa ndi mipata yokulirapo pakati pa zitsulo. Ambiri amatengera zimenezi n'kuganiza kuti oyilo wolimba ndi mankhwala a injini iliyonse yofuka. N'zoona kuti amachepetsako utsi, chifukwa sadutsa msanga pamalo potha, koma labala louma silifewa ndipo ring'i lotha silimera. Vuto limangobisika.

Pa injini zambiri za dizilo za pa famu, 15W-40 amakwanira chaka chonse m'dziko lathu lino. Yang'ananinso zilembo za API: zoyamba ndi C, monga CH-4 kapena CI-4, ndi za dizilo, pamene zoyamba ndi S, monga SL, ndi za petulo. Oyilo wa dizilo ali ndi mankhwala ogwira mwaye kuti usaunjikane pa maring'i. Buku la injini yanu likanena zina, tsatirani bukulo. Pewani oyilo wa m'mabotolo opanda chizindikiro ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, ndipo posintha oyilo musasiye sefa yakale.

Mukaliza injini m'mawa, musaiponde moto. Dikirani kuti nyali ya oyilo izime, muilole ilire mofatsa kwa mphindi zochepa, kenaka yambani ndi ntchito yopepuka. Khalani ndi kabuku kolembamo tsiku, maola amene injini yagwira, oyilo amene mwawonjezera ndi mtundu wa utsi umene mwaona. Pakatha mwezi umodzi, kabukuko kadzakuuzani ngati injini ikufuna timalabala totsika mtengo kapena kuphwasulidwa, ndipo mudzakambirana ndi makanika mukudziwa chimene mukulipirira.