Piritsi limodzi, matupi osiyana: majini ndi ma ARV m'minda ya tiyi ku Thyolo

Pamene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV ku Thyolo mu 2003, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, odwala ambiri ankalandira mankhwala ofanana, okhala ndi nevirapine. Ochuluka anapezanso mphamvu n'kubwerera ku ntchito, koma ena ankatuluka zidzolo, ndipo mwa ochepa khungu linkachita matuza n'kusupuka, vuto loopsa lotchedwa Stevens-Johnson.

Gwero lina la kusiyanaku ndi majini, malangizo a m'thupi amene munthu amatengera kwa makolo ake. Sayansi yofufuza mmene majini amakhudzira mphamvu ya mankhwala imatchedwa pharmacogenetics. Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013, anapeza kuti odwala okhala ndi jini ya HLA-C*04:01 ali pachiopsezo chachikulu cha vuto la khunguli akamamwa nevirapine. Komabe jiniyi ili mwa anthu ambiri amene savutika nawo mankhwalawo, choncho kuiyeza payokha sikokwanira kulosera amene adzadwale.

Efavirenz, amene analowa m'malo mwa nevirapine, nayenso ali ndi nkhani yake. Chiwindi chimamuphwanya mothandizidwa ndi jini ya CYP2B6, ndipo anthu ambiri a mu Africa ali ndi mtundu wa jiniyi wogwira ntchito pang'onopang'ono. Mankhwala amachulukana m'magazi, munthu n'kumamva chizungulire, kulota zoopsa ndi kusowa tulo. Kwa wothyola tiyi, amene amayenda m'malo otsetsereka ndipo malipiro ake amadaliranso kulemera kwa masamba, chizungulire chikhoza kumuchititsa kusiya mankhwala mwakachetechete.

Kuyambira 2019 odwala ambiri m'Malawi anasinthidwira ku dolutegravir, koma nkhani ya majini siinathe. Isoniazid, mankhwala ochiza ndi kupewa TB, amachedwa kuchoka m'thupi la anthu amene jini yawo ya NAT2 imagwira ntchito mochedwa, ndipo akhoza kuwononga chiwindi kapena kuyambitsa dzanzi m'mapazi.

Kuyeza majini sikunafike m'zipatala zazing'ono za m'maesiteti. Pakadali pano chida chimene chilipo ndi kufunsa wodwala, kulemba zovuta zonse zobwera ndi mankhwala, ndi kutumiza malipotiwo ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wogwira ntchito akadandaula za piritsi, si ulesi ayi: mwina thupi lake silikugwirizana ndi mankhwalawo.